Pabenchi ya Pawindo ku Lisungwi

Ndinakhala pabanja zaka makumi atatu ndi zinayi, ndipo m'zaka zonsezo sindinasankhepo ndekha ngakhale kapu yomwera madzi. Musaganize kuti amuna anga anali ankhanza, ayi. Anali munthu wokonda kugula. Tikathyola manachesi n'kugulitsa kwa mavenda obwera ndi malole, iwo ankalawirira ndi njinga yawo yakapalasa kutsetsereka ku Lisungwi, madzulo n'kubwera atamangirira katundu pakaliyala: sopo, mchere, palafini, nsalu zanga, ngakhale duku. Ine ndinkagwada, kulandira, kuthokoza. Nsaluzo zinkakhala zolimba ndithu, koma zonse zofanana, zoderapo ngati dothi la kudimba. Ankati zoterozo sizionetsa litsiro.

Atamwalira, ntchito yogulayo sinabwere kwa ine. Inadumpha khomo langa n'kukagwera kwa achimwene anga aakulu, amene ndi eni mbumba kwathu. Mudzi wathu uli m'mapiri kumtunda kwa Chifunga, ndipo kwathu mwamuna ndi amene amabwera kudzakhala kwa mkazi. Nyumba ndi yanga, munda wa manachesi anandisiyira ndi amayi anga. Koma achimwenewo, amene amakhala kutsidya kwa khwawa kwa akazi awo, anayamba kumabwera Loweruka lililonse m'mawa. Ankakhala pampando wa malemu pakhonde, kuvula chipewa, n'kunena mawu omwewo:

"Achemwali, nenani zimene zasowa ndikakutengereni. Namfedwa sayendayenda m'misika."

Ndinkanena, ndinkawapatsa ndalama, iwo ankabweretsa. Miyezi isanu ndi itatu inatha choncho, ine ndili ndi duku lakuda kumutu.

M'mwezi wachisanu ndi chinayi kunabwera mwana wanga wamkazi womaliza, amene ndi namwino ku Blantyre. Tsiku lina masana tikutong'ola chimanga pakhonde, achimwene ali pomwepo, anatulutsa foni kuti atisonyeze kanema amene mnzake wa kuntchito anamutumizira kuchokera ku Japan, kumene anapita kukaphunzira. Mnzakeyo ankayenda m'kamsewu kopapatiza kopanda galimoto, foni ili m'manja. Uku ndi uku kunali timasitolo tothinana ngati mano. Kena kankagulitsa makapu akale okhaokha. Kena kanali ndi malaya oti anthu anavalapo kale, atapachikidwa bwinobwino pamahang'ala.

"Kaunjika uyu!" ndinatero. "Kodi ku Japan nakonso kuli kaunjika?"

Tinaseka tonse. Kenaka foniyo inalowa m'kanyumba komwera khofi, ka matebulo atatu okha. Pawindo panakhala mayi wina wa imvi mutu wonse, wamkulu kuposa ine, chikwama chili pamiyendo. Anali yekha. Ankamwa pang'onopang'ono akuyang'ana anthu odutsa.

"Akudikira ndani?" ndinafunsa.

"Sakudikira munthu, amayi. Akuti kumeneko anthu amangoyenda m'timasitolo kuona zinthu, akatopa n'kukhala pansi kumwa khofi. Si ngati kuno koti kulibe kopita."

"Anthu opanda abale amatero," anatero achimwene, n'kuponya chitsononkho pamulu.

Ndinapitiriza kutong'ola chimanga. Koma mwanayo asanabwerere ku Blantyre ndinamuuza kuti andibwezerenso kanemayo kawiri, pamene pali mayi uja pokha.

Ine ndili ndi matenda othamanga magazi, ndipo kamodzi pamwezi ndimakatenga mankhwala kuchipatala ku Lisungwi. Chimwalirire amuna anga, achimwene analamula kuti akazi awo, alamu anga, azindiperekeza. Alamuwo ndi munthu wofatsa, wosakonda mikangano. Ankandinyamulira buku la kuchipatala ndi ndalama ya minibasi ngati ndine mwana wopita kusikelo. Tikatuluka pageti la chipatala tinkalunjika pasiteji, maso pansi. Masitolo ndinkangowaona pawindo la minibasi.

Mwezi umenewo sindinawaitane. Kutangoyera ndinamanga ndalama zanga za manachesi pansonga ya nsalu, ndinatseka chitseko, ndinadzera njira ya kuseri kwa dimba kuti ndisadutse pakhomo pawo. Nditafika pamsewu waukulu ndinakwera minibasi ndekha.

Kuchipatala anandithandiza msanga. Dzuwa lisanafike pamutu ndinali nditaima pageti, mankhwala ali m'thumba. Ku Lisungwi kumatentha, si ngati kwathu kumapiri. Kondakitala wina anandithamangira n'kugwira thumba langa: "Tiyeni agogo, yatsala ya munthu mmodzi!" Ndinalikoka thumbalo n'kumuuza kuti sindinamalize. Ndinalibe choti ndimalize. Ndinangowoloka msewu n'kulowa m'sitolo yoyamba imene inali patsogolo panga.

Inali sitolo ya nsalu. Mwini wake anali bambo wachisilamu wa ndevu zoyamba imvi, atavala mkanjo woyera ndi kachipewa kopeta. M'kati munali mozizira, monunkhira sopo ndi nsalu zatsopano. Nsaluzo zinasanjikana mpaka kudenga.

"Takulandirani mayi. Tikuthandizeni chiyani?"

"Palibe, bambo. Ndikungoona."

Ndinayembekeza kuti nkhope yawo isintha. Iwo anangoti, "Kuona n'kwaulere," n'kukoka kampando, kukwerapo, kuyamba kutsitsa nsalu imodziimodzi n'kumazitambasula pakauntala. Anandifunsa kwathu. Nditawauza mudzi, anandiyang'ana duku langa lakuda, anaima kaye.

"Kodi ndinu a kwa bambo aja a manachesi, a njinga ya belu lalikulu? Pepani mayi, tinamva. Ankagula muno zaka zambiri. Akalowa ankangoti, 'Ndipatseni yolimba.' Ndinkawasonyeza zowala izi, ankati mayi a kunyumba sakonda zoterozo."

Ndinaseka mpaka misozi, ndipo kusekako kunasanduka kulira ndisanadziwe. Bamboyo anayang'ana kumbali n'kumapinda nsalu mpaka nditapukuta m'maso. Amuna anga sanandinamizire dala. Ankakhulupiriradi kuti ndimakonda zimenezo, popeza tsiku lililonse limene ankabweretsa ndinkathokoza.

Panali nsalu ina yachikasu, ya mbalame zobiriwira zotambasula mapiko. Ndinaigwira, ndinaisiya, ndinagwira zina zisanu, ndinaibwereranso. Ndinaikanda ndi chala kuti ndione ngati utoto ungachoke, monga ndinkaonera amayi ena akuchita. Ndinanenerera mtengo, koyamba m'moyo wanga, ndipo ndinachita mwamanyazi moti bamboyo anaseka n'kunena kuti, "Mayi, ponenerera sapepesa." Anandichotserako pang'ono. Ndinatuluka nayo itakulungidwa m'nyuzipepala yakale.

Kuchoka pamenepo ndinatsimikiza mtima kuti ndilowa khomo lililonse la mzere umenewo, ngakhale logulitsa zinthu zoti sindidzazifuna mpaka kufa. Ndinalowa mogulitsa mafoni ndi mabatire, momwe wailesi zitatu zinkalira nthawi imodzi. Ndinalowa mwa telala, ndinaona mmene phazi lake linkapondera makina iye akucheza ndi munthu panja osayang'ana n'komwe singano. Ndinaima kwa bambo wina wokalamba wokhoma ndowa ndi mbaula pansi pa mlambe. Anali wogontha khutu limodzi. Ataona kuti ndaima nthawi yaitali anandipatsa hamala kuti ndikhome kamsomali kamodzi pachigwiriro cha ndowa. Ndinaphonya kawiri, kachitatu ndinamenya, iye n'kugwedeza mutu ngati mphunzitsi. Pakaunjika mayi wogulitsa anandiveka jekete yofiira ya mapewa otukuka, n'kundigwirira kalilole wong'aluka pakati. Kunyumba kwanga kalilole ndi kakang'ono, koonera nkhope yokha. Tsiku limenelo ndinadziona mpaka m'chiuno, ndipo ndinapeza kuti ndawonda kwambiri, koma msana wanga sunapindike.

Si onse anandilandira. M'sitolo ya zitsulo munali bambo wonenepa atakhala pachitini cha penti, maso ali pafoni.

"Agogo, muno mulibe mchere."

"Maso anga ndi abwino, bambo, ndaona kuti mulibe. Ndisonyezeni maloko."

"Mukatume mwamuna adzasankhe. Zimenezi simungazidziwe."

"Mwamuna wanga ali kumanda. Mukufuna ndikamudzutse chifukwa cha loko?"

Anadzuka monyinyirika n'kuponya maloko anayi pakauntala. Ndinawayesa onse, lililonse ndi makiyi ake, mosafulumira. Lachitatu kiyi wake ankakana kutuluka. Ndinamusonyeza. Analimbana nalo, analigogoda pakauntala, kiyi osatuluka. Ndinamuuza kuti akatume mkazi adzamuthandize, n'kutuluka osagula kanthu. Panjapo ndinkamwetulira ndekha ngati wamisala.

Kumapeto kwa mzerewo kunali kanyumba kopaka laimu, pakhoma atajambulapo ketulo ikufuka nthunzi. Pakhomo panali katani yoyera yoonekera. Sukulu ndinalekezera sitandade folo, koma mawu oti tiyirumu ndinawawerenga. Panja panali njinga zamoto za akabaza ndi njinga yakapalasa itamangiriridwa mbuzi ziwiri. Amuna anga ankanena za malo amenewa. Ankati akatsika ku Lisungwi amayamba amwa tiyi wamkaka ndi sikono, n'kumva nkhani za dziko. Sizinabwerepo m'mutu mwawo, ngakhalenso mwanga, kuti tsiku lina tipitire limodzi.

Ndinadutsa pakhomopo kawiri. Kachitatu ndinakankha katani.

Munali mabenchi awiri aatali ndi tebulo loyalidwa pulasitiki ya zithunzi za zipatso. Masikono anali m'kabokosi kagalasi. Amuna anali ngati asanu ndi atatu, ndipo onse ankalankhula nthawi imodzi. Nditalowa phokoso linatsika mpaka kunatsala wailesi yokha. Mwini malowo anatulukira kuseri akupukuta manja, mayi wamtali wa mikono ikuluikulu, wa msinkhu wa mwana wanga woyamba.

"Takulandirani amayi. Bwerani kuseri kuno, kuli mphasa, kulinso mthunzi wabwino."

Pakhomo la kuseriko ndinaona amayi awiri atakhala pansi pafupi ndi moto, makapu ali m'manja. Kenaka ndinamva kuti amayi odikirira odwala kuchipatala amamwera kumeneko. Palibe amene anawaletsa kukhala m'kati. Zinangokhala choncho.

"Zikomo mwana wanga, koma ine ndikhala apa."

Ndinaloza kumapeto kwa benchi, pawindo, pomwe wakabaza wina anaikapo chipewa chake cha njinga yamoto. Anandiyang'ana, anayang'ana anzake. Sindinasunthe. Pamapeto pake anachinyamula n'kuchiika pamiyendo.

"Agogo asochera," wina ananong'ona mokweza.

"Sindinasochere, bambo. Pakhomapo alemba tiyi, sanalembe kuti amuna."

Wina anaseka, wina anatsokomola. Mwini malo uja anandiyang'ana kanthawi, manja ali m'chiuno, kenaka anafunsa, "Wamkaka kapena wakuda?"

Ndinene zoona: tsiku loyambalo tiyiyo sindinamumve kukoma. Anali wotentha moti ndinapsa lilime pofuna kuoneka ngati wozolowera. Shuga ndinamwaza patebulo. Sikono inkandikakamira pakhosi. Benchi inali yolimba, ndipo thukuta linkatsika pansi pa duku. Mtima unkandiuza kuti ndigugude msanga ndizipita. Ndinaukaniza. Ndinayang'ana pawindo. Kunadutsa mayi atasenza beseni la masawu, mwana ali kumbuyo. Kunadutsa lole ya makala itapendekera mbali imodzi. Makondakitala awiri ankalimbirana munthu mmodzi, wina wagwira dzanja, wina wagwira nkhuku yake. Sindinkaphika, sindinkachapa, sindinkadikira munthu. Chibadwire sindinakhalepo pansi masana popanda chogwira m'manja, ndipo sindinkadziwa kuti manjawo ndiwaike pati.

Amuna aja atatopa ndi kundiyang'ana anabwerera ku nkhani zawo. Mmodzi yekha ndi amene anabisa nkhope m'kapu mpaka mapeto. Anali mwini njinga ya mbuzi ija, bambo wa m'mudzi mwathu momwe, wogula mbuzi m'midzi n'kukagulitsa kwa opha nyama. Ndinamupatsa moni ndine. Anayankha ngati ndamupeza akuba.

Nditamaliza kapu yoyamba ndinaitanitsa yachiwiri, ngakhale m'mimba munali mutadzaza.

Nkhani inandipitirira panjira. Pofika kunyumba dzuwa litapendeka, ana a pamudzi ankandiyang'ana ngati ndabwera ndi nyanga. M'mawa mwake achimwene anabwera, ngakhale silinali Loweruka. Anabwera ndi alamu, ndiponso mayi wina wamkulu amene amatitsogolera ife amayi kutchalitchi. Ndinawayalira mphasa. Mpando wa malemu ndinali nditaulowetsa m'nyumba, choncho achimwene anakhala pakampando ka ana.

"Achemwali, tamva zinthu zoti sitikuzikhulupirira," anayamba motero. "Akuti dzulo munali m'tiyirumu ku Lisungwi, pakati pa amuna."

"Anakuuzani zoona. Ndinamwa makapu awiri."

"Mukuyankha ngati n'zoseketsa. Chiliza cha alamu sitinamange. Udzu pamanda sunamere bwino. Anthu ati chiyani? Ati mbumba yathu ilibe mwini?"

Mayi a kutchalitchi aja analankhula mofatsa, monga amachitira. Anati mkazi wamasiye ali ngati dzira, aliyense amamuyang'ana. Anati mayesero amayamba ndi tinthu ting'onoting'ono. Anati ngati ndinalakalaka tiyi ndikanangonena, amayi akanabwera ndi masamba ndi shuga tidzamwere pakhomo.

Ndinawasiya amalize, popeza ndinaleredwa choncho. Kenaka ndinalankhula, ndipo mawu anga anatuluka okwera kuposa mmene ndinkafunira.

"Amuna anga anadwala miyezi isanu ndi umodzi m'nyumba imeneyi. Ndinkawasambitsa ndine, kuwatembenuza ndine, kuwachapira zofunda ndine. Achimwene, munkabwera kudzaona, n'kubwerera kukagona kwanu. Maliro awo ndinayamba kulira iwo ali moyo. Lero musabwere ndi muyezo kudzandiyezera chisoni. Ndiuzeni amene wafa chifukwa ndamwa tiyi, ndikapepese kwa abale ake."

"Simunayambe mwandiyankha chonchi," anatero achimwene.

"Simunayambe mwandifunsa kanthu. Mumangondiuza."

Alamu anayang'ana pansi n'kumasosola ulusi wa mphasa. Mayi a kutchalitchi anapempha kuti tipemphere. Tinapemphera. Nditanena ameni ndinawauza kuti mwezi wamawa ndipitanso, ndipo kuyambira tsiku limenelo sopo ndi mchere ndizikagula ndekha.

Zotsatira zake sizinali zopepuka, ndipo sindinama kuti sizinandiwawe. Pasanathe sabata kunamveka kuti ndili ndi mwamuna ku Lisungwi. Ena ankati ndi bambo wa sitolo ya nsalu uja, ati anandihonga nsalu, ati posachedwa ndisiya tchalitchi. Munthu wosalakwa, wa banja lake, amene anangonditsitsira nsalu pashelefu. Kutchalitchi anandilanda kiyi wa kachipinda kosungira miphika ya pamaliro, amene ndinasunga zaka zambiri. Anati akufuna kundipumitsa. Pamjigo amayi amene ndinakula nawo ankasiya nkhani ndikafika. Tsiku lina ndinabwerako n'kukhala kuseri kwa nyumba kulira, ndowa ili pamutu pomwe ndinaiwala kutula.

M'mawa mwake ndinavula duku lakuda, ndinalichapa, ndinalipinda n'kuliika m'sutikesi pamodzi ndi jekete la amuna anga. Ndinavala nsalu yachikasu ija n'kupita kumjigo nthawi imene kumakhala anthu ambiri. Mbalame zobiriwira zija zinkaoneka munthu ali kutsidya kwa khwawa. Ndinapereka moni kwa aliyense payekhapayekha, mokweza, mpaka aliyense atayankha.

Mwezi wotsatira achimwene anatuma alamu kuti anditsatire. Ndinawapeza atandidikira kale pamsewu, atafunda nsalu.

"Alamu, musandide. Ndatumidwa."

"Sindikudani. Koma buku langa ndinyamula ndekha, ndipo mukonzeke kuyenda."

Tsiku limenelo ndinayamba mzere wa kutsidya kwa msewu. Alamu ankaima panja pa sitolo iliyonse ngati mlonda, dzuwa likuwaotcha. Ndinalowa mogulitsa mbewu ndi mankhwala a mbuzi, ndinafunsa mafunso mpaka wogulitsayo anatulutsa mpando. Ndinalowa mwa mayi wina wachisilamu wogulitsa zonunkhiritsa zakudya m'timapepala, amene anandinunkhitsa chilichonse n'kundiuza chimene amathira mumpunga pa chikondwerero chawo. Kwa bambo wa nsalu ndinalowanso dala, ndinawapatsa moni mokweza chitseko chili chotsegula, kuti alamu akanene zimene aona ndi maso awo. Bamboyo anali atamva kale mphekesera ija. Anangoti, "Mayi, pakamwa pa anthu palibe chitseko. Akazi anga anaseka tsiku lonse."

Pa tiyirumu alamu anakana kulowa. Anakakhala pansi pa mtengo kutsidya, atafulatira. Ndinapempha mwini malo kuti awapititsire kapu ya tiyi ndi sikono. Ndili pawindo ndinawaona akukana ndi mutu, kenaka akuyang'ana uku ndi uku, kenaka akulandira. Mu minibasi pobwerera, titatsala pang'ono kutsika, anandiyandikira kukhutu.

"Alamu, kodi mumamva bwanji mukakhala m'menemo?"

"Benchi yake ndi yolimba."

Anaseka atatseka pakamwa ndi nsalu mpaka anthu anatembenuka. Zimene anakanena kunyumba sindizidziwa, koma ziyenera kuti sizinawakwanire achimwene, chifukwa mwezi wachitatu anabwera okha.

Ndinali nditangothira shuga pamene katani inakankhidwa. Achimwene anaima pakhomo, chipewa chili kumutu, thukuta likutsika. Amuna ena m'menemo ankawadziwa, anawapatsa moni. Iwo analunjika kwa ine.

"Achemwali, tiyeni."

"Ndikumwa tiyi, achimwene. Khalani pansi ndikuitanitsireni, kapena mundidikire panja."

"Ndati tiyeni. Musandichititse manyazi pamaso pa anthu."

"Manyaziwo mwabwera nawo nokha pa minibasi. Ine mwandipeza nditakhala."

Mwini malo anabwera ndi ketulo n'kuima pakati pa ine ndi khomo ngati akufuna kuthira tiyi patebulo lina, koma sanathire. Achimwene ndi munthu amene anandibereka kumbuyo ndili mwana, amene anagulitsa mbuzi yake kuti amayi athu apite kuchipatala. Ndinawamvera chisoni. Koma ndinadziwa kuti ndikangodzuka pabenchi imeneyo tsiku limenelo, sindidzakhalaponso. Ndinanyamula kapu ndi manja awiri n'kumwa.

Anaima kanthawi ndithu. Kenaka anatembenuka, katani inagwa, ndinawaona pawindo akuwoloka msewu osayang'ana kumbuyo.

Dzinja lonse la chaka chimenecho sanaponde pakhomo panga. Mphepo itasasula malata awiri padenga la khitchini, sindinatume mwana kukawaitana. Ndinakagula misomali ndekha ku Lisungwi, osati kwa bambo wa maloko uja, ndinapeza mmisiri, ndinaima pansi n'kumamuuza pokhoma. Pomanga chiliza tinakumana, tinagwira ntchito limodzi monga abale, tinalira limodzi. Masiku ano timapatsana moni, amabwera kukakhala matenda kapena mlandu wa malire. Za tiyirumu sitinazikambenso. Kiyi wa miphika sanandibwezere, ndipo sindinamupemphe.

Ku Lisungwi tsopano ndimapita kawiri pamwezi, ulendo umodzi wa mankhwala, wina wopanda chifukwa. Mwezi wa Febuluwale wapitawu mvula inagwa masiku anayi osakata, khwawa lathu linadzaza. Ndinawoloka nditakwinya nsalu mpaka m'mawondo, ndodo ili m'manja, ndipo ndinafika matope ali mpaka m'akakolo. Mwini tiyirumu anandikalipira pakhomo kuti ndimudetsera simenti, anandipatsa madzi m'beseni kuti nditsuke mapazi. M'kati amuna anali pa mkangano. Wakabaza wina ankalimbikira kuti mvula yatha, chimanga cha kumapiri chapulumuka, chaka chino ufa utsika mtengo.

"Mwakwerako liti kumapiriko?" ndinamufunsa ndisanakhale n'komwe.

"Agogo, ine ndimayenda dziko lonse lino."

"Mumayenda pamsewu. Ine ndachoka m'munda lero m'mawa. Chimanga chayezuka, mizu ili m'madzi, feteleza yense wapita kumtsinje. Gulani chimanga pano chikadalipo, mudzandithokoza."

Anakana, wina anandivomereza, wachitatu anati tonse sitikudziwa kanthu. Tinakangana mpaka wailesi sinkamvekanso, ine ndikumenya tebulo ndi supuni. Mwini malo anatuluka kuseri n'kunena kuti tikapitiriza phokoso atithamangitsa tonse, ndipo ayambira ine.